Mnzako Alipo?

Padangokhala! Musathamangire kuyankha kuti tili tonse. Yambani mwacheuka, muone ngati amene mwakhala naye pafupi akadali yemwe uja.

Kwa Kampheta, kuseri kwa mapiri a ku Ntcheu, kudali gulu la amayi lotchedwa Tiyende Pamodzi. Chaka ndi chaka, chimanga chikangolowa m'nkhokwe, amayiwa ankachita hayala basi n'kupita kukaona dziko. Wotsogolera adali aNagama, mayi wa mawu ngati belu, ndipo pokopa anthu ankanena zimodzimodzi.

"Kuyenda wekha n'kwa anthu odziwa kuwerenga zikwangwani. Enafe amene sitinawolokepo Shire, titapita tokha ku Limbe angatigulitse ngati nkhuku ife tikumwetulira. Koma pagulu wina amadziwa njira, wina wanyamula mankhwala a mutu, wina amakugwirira chikwama ukapita kuseri. Ulendo uwu ndi wa amasiye, wa amantha, ndi wa iwo amene anatopa kulankhula ndi makoma."

Mawu omalizawo ndi amene adamukola Lisineti.

Lisineti adabwera m'mudzimo ngati mtengwa, ndipo anthu ankamuitana ndi mfunda wake, aNandau. Mwamuna wake adapita ku Joni. Chaka choyamba ankaimba foni, chachiwiri adaimba kawiri, kenako zii, mpaka mvula khumi ndi imodzi. Ana Mulungu sadampatse. Apongozi ake adamwalira. Adatsala yekha m'kanyumba ka kumapeto kwa mudzi, kumene njira imatopa n'kusanduka udzu. Nthawi ina malungo adamugoneka masiku anayi, osakoleza moto, osatsegula chitseko. Tsiku lachisanu atatuluka akudzandira, woyandikana naye adangoti, "Mwadzuka bwanji, aNandau?" ngati adaonana dzulo. Kuyambira pamenepo Lisineti adanyamula funso limodzi ngati kamwala m'nsapato: nditasowa, ndani angadziwe?

Gulu lija lidali ndi lamulo lake: anthu sawerengedwa. "Zowerenga ndi mbuzi," ankatero aNagama, "ndipo chowerengedwa chimachepa." M'malo mwake aliyense ankapatsidwa mnzake wa pampando, womusunga kuyambira ponyamuka mpaka pobwera. Basi ikaima paliponse, isananyamukenso aNagama ankaimirira kutsogolo n'kufuula, "Mnzako alipo?" Onse ankayankha, "Alipo!" Wina akangoti palibe, tayala silinkagudubuzika.

Chaka chimenecho ulendo udali wa ku Mulanje, ndipo Lisineti adapatsidwa aNamaseko. Koma m'mamawa wa tsiku la ulendo, anthu akukwera, kudabwera uthenga woti mwana wa aNamaseko woyembekezera uja nthawi yake yakwana, ndipo athamangira naye kuchipatala.

"Ndiye aNandau mwatsala opanda mnzanu," adatero aNagama, maso ali pa madengu a kamba. "Palibe kanthu, ndinu aakulu. Muzidziyang'anira nokha."

"Mwayi ulipo apa!" adafuula aNanyoni, mayi wanthabwala wa gululo. "Mipando iwiri, munthu mmodzi. Ine andipatsa aNankhoma awa, ndikafika ku Mulanje nditaphwatalala ngati chigumu cha pansi pa dengu."

"Mukadadya bwino mukadakhala ndi podzitchinjirizira," adabweza aNankhoma, basi yonse n'kugwa ndi phwete.

Lisineti naye adaseka. Adayika chikwama chake pampando wopanda munthuwo, kenako adachichotsa n'kuchifukata, chifukwa chidali kuonetsa poyera kuti palibe wokhalapo.

Msewu udawakomera. Adaimba, adaponyerana ndagi. "Ndagi!" "Gize!" "Amayi anga mimba yadzaza anthu, koma akachirira pa siteji." "Basi!" Powoloka Shire pa Zalewa ena adatsinzina, ena adaimirira kuti aone madzi, aNagama n'kuwakhazika pansi. Ataima koyamba, funso lidamveka ndipo basi yonse idayankha ngati pakamwa pamodzi. Lisineti adatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Adalibe womuyankhira, ndipo palibe adayankha za iye.

Atadutsa Limbe n'kupitirira Bvumbwe, dzuwa lidazimirira. Chiperoni chidatsika, nkhungu ija yonyowetsa popanda mvula, yomeza mapiri ndi mitengo n'kusiya msewu wokha wotalika ngati mkeka umodzi. Adalaivala, bambo wa imvi dzina lake a Chidzanja, adayatsa magetsi usana uli nenene. Amayi atayamba kudandaula kuti tiyi wa m'mawa akufuna potulukira, adaimika basi m'mphepete mwa nkhalango ya mabulugamu, yopanda nyumba ngakhale imodzi pafupi.

Onse adatsika awiriawiri. Lisineti adapita yekha, nabwerako msanga. Atakwera adapeza mayi wina ataima pambali pa mpando wake.

"Pali munthu apa?" adafunsa mayiyo. Mawu ake adali otsika ndi okwakwata, ngati chitseko chimene sichinatsegulidwe nthawi yaitali.

"Palibe. Khalani, amayi."

Mayiyo adalowa n'kukhala chakuwindo, nkhope atalozetsa pagalasi. Duku adalikokera mpaka m'maso. Chitenje chake chidali chosuluka kotero kuti maluwa ake sankadziwikanso, ndipo chidali chonyowa. Kumapazi adalibe nsapato. Ankamveka fungo la masamba owola ndi dothi lozizira. Lisineti sadadabwe, poti m'gululi mudali amayi a m'midzi ina amene sankawadziwa. Adangoti ndi wina wa kumipando yakumbuyo amene watopa kupanikizidwa.

"Mnzako alipo?" adafuula aNagama.

"Alipo!"

Mawu a Lisineti adaposa a onse, mpaka aNanyoni adacheuka. Iye adachita manyazi, koma mumtima mudatentha bwino, ngati munthu amene walowa m'nyumba muli moto.

Basi itanyamuka, wailesi ya adalaivala idakhosomola n'kukhala chete. A Chidzanja adaimenya kawiri, kenako adaisiya. Adayamba kusuzumira pagalasi lawo lija loonera kumbuyo, kulipukuta ndi dzanja, kusuzumiranso. Mawindo onse amayi adawapukuta kuti aone minda ya tiyi, koma la pampando wa Lisineti lidakana. Ukalipukuta limachita nthunzi pomwepo.

ANankhoma adadutsa ndi dengu la mbatata yowotcha, ziwiri pampando uliwonse. Kwa Lisineti adapereka imodzi.

"Nanga anzangawa?"

"Anzanu ndi mimba yanuyo?" adaseka aNankhoma, napitirira.

Lisineti adaganiza kuti ndi nthabwala za anthu ozolowerana. Adabenthula mbatata n'kuyika theka pamiyendo pa mnzake. Adayang'ana kumbali pang'ono, ndipo pocheukanso theka lija padalibe. Dzanja lopita kukamwa sadalione. Nyimbo itayambika, adamva pambali pake mawu ena akutsatira m'mbuyo pang'ono, akuimba nyimbo yomweyo koma m'kaimbidwe kakale, ka m'masiku amene iye adali kamtsikana. Mnzakeyo ankanjenjemera. Lisineti adavula juzi lake n'kumufunditsa.

Ku Mulanje phiri lidakana kuoneka. Lidadzifunda mitambo kuyambira m'chiuno, amayi n'kumangoona mapazi ake a miyala ndi madzi otsika ngati ufa wotayika. Koma adasangalala ndithu. Amene ankaopa kuwoloka pamiyala adagwiridwa dzanja, amene bondo lidavuta adadikiriridwa. Wojambula zithunzi wa pamalopo adawasonkhanitsa pathanthwe.

"Amayi akumapeto inu, senderani. Mwasiyiranji mpata?"

Lisineti adayang'ana mpatawo. Mnzake adali pomwepo, ataweramitsa mutu. Adati wojambulayo maso ake ndi ofooka, ndipo sadasendere.

Anzawo akudya, awiriwa adakhala pamwala wapadera m'mphepete mwa mtsinje.

"Amayi, tayenda mtunda wonsewu koma dzina lanu sindinalimve."

"Dzina limafuna woliitana," adayankha mayiyo, akuyang'ana madzi. "Langa linauma."

"Kwanu n'kuti?"

"N'kutali. Nanenso ndinanyamuka ndi gulu. Tinkaimba chonchi. Tinaima, ndinapita kuseri kwa mitengo. Pobwera ndinapeza utsi wokha."

"Ogo! Nanga mnzanu wa pampando sananene?"

"Sitinakwane awiriawiri."

Lisineti adamva kuzizira kukwera kuchokera kumwala adakhalirawo mpaka m'khosi. Adafuna kusuzumira pansi pa duku, koma nthawi yomweyo aNagama adawomba m'manja kuti anthu azikwera, ndipo mayiyo adali ataimirira kale. Mtima wa Lisineti udamuuza kuti apa pali chinthu. Koma mtima womwewo udali utamva kukoma kokhala ndi munthu, ndipo funso litamveka basi isananyamuke, adayankhanso kuti alipo.

Pobwerera nkhungu idakula. Dzuwa lidali lisanalowe, koma kunja kudali kotuwa ngati phulusa. Atayandikira nkhalango ija, a Chidzanja adaponda moto kuti angodutsa.

"Adalaivala, imani pamalo athu paja!" adafuula aNanyoni. "Kapena mukufuna tikutsukireni basi?"

"Amayi, tapirirani mpaka pa Bvumbwe."

"Inu mumanyamula chigubu, ife tinyamula chiyani?"

Amayi onse adavomereza, ndipo bamboyo adaima monyinyirika. Lisineti atati aimirire, adamva zala zozizira pamkono.

"Pano musatsike."

"Ndibwera pompano, amayi. Ndapanikizika."

Poti adalibe womutchinga ndi chitenje monga ankachitirana anzake, adalowa mkati pang'ono kuti asaoneke. Adadutsa mizere itatu ya mitengo, kapena inayi. Atatha adatembenuka, koma msewu kudalibe. Kumanja mabulugamu, kumanzere mabulugamu, onse ofanana ngati ana a mayi mmodzi, mitu yawo itamezedwa ndi nkhungu. Adayenda, napeza mitengo. Adabwerera, napeza mitengo. Madzi ankadontha kuchokera m'masamba, tho, tho, ndipo adaona kuti m'nkhalango monsemo mulibe mbalame ngakhale imodzi yolira.

Kenako adamva mawu a aNagama, ang'onoang'ono ngati ochokera pansi pa chitsime.

"Mnzako alipo?"

"Alipo!"

Injini idalira.

"Dikirani! Ine ndatsala!" Nkhungu idameza mawu ake asanafike pamtengo wachitatu. Adathamangira kumene kudamveka injini, koma idamvekanso kumbuyo kwake. Adapunthwa pamuzu n'kugwa chafufumimba m'masamba onyowa, ndipo fungo lake adalizindikira. Lidali lomwe lija la pampando. Kulira kwa basi kudayamba kuchepa, kuchepa, mpaka zii.

Lisineti adakhala tsonga, natsamira mtengo. Sadalire. Funso limene adalinyamula zaka zonsezi lidali litayankhidwa, ndipo yankho lake silidamudabwitse. Akafika kumudzi aliyense apita kwawo. Mawa adzadutsa pakhomo pake, adzaona chitseko chotseka, adzati wagona ndi kutopa. Mkuja adzati wapita kwawo. Adayang'ana chitenje chake n'kuganiza kuti maluwa akewo angatenge mvula zingati kuti asuluke.

Sadadziwe kuti padapita nthawi yotani. Adangomva kuwomba m'manja kutali, kenako nyimbo yonjenjemera, kenako dzina lake.

"ANandau! ANandau eee!"

"Ndili kuno!"

Adatulukira m'nkhungu atandandalika ngati mkanda. Adali atamanga zitenje nsonga ndi nsonga, wakumapeto atagwira chitseko cha basi, kuti pofuna mmodzi asatayenso wina. Kutsogolo kudali aNagama. Adamukumbatira Lisineti mwamphamvu.

"Mutikhululukire, mwana wa eni. Mutikhululukire."

M'basi mudalibe woseka. Amayi a m'mipando yoyandikana ndi wa Lisineti adali atasamukira kutsogolo, atapanikizana atatuatatu.

"Ndani anakumbukira kuti ndatsala?" adafunsa Lisineti. "Ndimuthokoze."

Adayankha ndi aNanyoni, mawu awo atauma.

"Palibe, anzanga. Tisaname. Tonse tinati alipo, basi inanyamuka, tinafika mpaka pokhota paja. Ndiye pampando panupo panamveka mawu, aliyense anamva. Anati, 'Mnzanga palibe.' Titacheuka tinangoona juzi lanulo, lili lonyowa."

Lisineti adayang'ana pampandopo. Iye sadaone juzi lokha. Mayi uja adali pomwepo, atafunda juzilo, nkhope pagalasi.

A Chidzanja adazimitsa injini, navula chipewa, nalankhula osacheuka.

"Msewu uno ndauyenda zaka zambiri. Madalaivala anzathu amanena za mayi ameneyu. Amakwera akaona mpando wopanda munthu. Sanalakwirepo aliyense. Koma amakwera pano, ndipo ayenera kutsika pano. Amayi, mwamuyankhira kangati?"

"Kawiri."

"Kachitatu ndiye kuti mwamutenga. Ndi wanu mpaka kunyumba, ndipo zoti anachokapo pakhomo la munthu sindinamvepo. Amayi aNagama akafunsa, inu mungokhala chete. Chitseko ndichisiya chotsegula. Atsika yekha."

"Mwamva, aNandau?" adanong'ona aNankhoma. "Chete basi. Mukhala ndi ine kutsogolo kuno, ndikupanirani malo."

Lisineti adapita kukakhala pampando wake womwewo. Chitseko chidali pululu, nkhungu ikulowa pang'onopang'ono ngati mlendo wamanyazi. ANagama adaimirira atagwira chitsulo ndi manja awiri. Belu lija la pakhosi pawo lidali litasweka.

"Mnzako alipo?"

"Alipo," adayankha amayi chapansipansi.

Lisineti adaluma mlomo. Adamva mpando ukupepuka. Chinthu chozizira chidakhudza maondo ake podutsa, ndipo juzi lija lidatsala pamiyendo pake litapindidwa bwinobwino. Mayiyo adayamba kuyenda pakati pa mipando, osafulumira, osacheuka, ngati munthu amene adazolowera kutsitsidwa. Amayi sankamuona, koma aliyense amene ankamudutsa ankakumbatira mapewa ake. Pansi pankatsala mapazi onyowa, limodzi limodzi, kulunjika kuchitseko.

Kunja mabulugamu adali chiimire m'mizere yawo. Lisineti adali atangokhalamo kanthawi kochepa, koma adali atalawa kale mmene mumakhalira chete. Adaganiza za munthu amene wakhalamo mpaka dzina kuuma, akumva mabasi akudutsa ndi nyimbo. M'basi yodzaza anthu amoyo, mmodzi yekha ndi amene adaona kuti iye palibe.

Phazi loyamba lidali litafika pamakwerero.

"Alipo," adatero Lisineti.

Wina adakuwa. ANankhoma adagwira pamutu. A Chidzanja adavala chipewa chawo n'kutseka chitseko. Mpando wa pawindo udalemeranso, ndipo Lisineti adafunyulula juzi n'kulibwezera pamapewa ozizira aja.

Njira yonse yobwerera palibe adaimba, palibe adapempha kuima. Adafika kwa Kampheta mdima utagwira. Amayi adatsika mofulumira n'kubalalika awiriawiri, osatsanzikana. ANagama okha ndi amene adatsala, ataima kapatali, akupotokola nsonga ya chitenje.

"ANandau, tiyeni mukagone kwathu lero. Mawa tiitane abusa."

"Zikomo, amayi. Koma mlendo sagonekedwa kwa eni tsiku loyamba."

Adasenza chikwama n'kulowa kanjira ka kumapeto kwa mudzi. Agalu amene ankamuuwa masiku onse adalowa pansi pa nkhokwe. Kumbuyo kwake udzu unkalira, tswa, tswa, kutsatira mapazi ake mochedwerako pang'ono. Mantha adali nawo, tisaname. Koma adachepetsa liwiro kuti wakumbuyoyo asatsalire.

Atafika pakhomo adamasula loko, nakankha chitseko. Sadalowe. Adapatukira pambali n'kuchigwira, nadikira.

"Lowani, amayi. Muwerame pang'ono, mpofupika."

Yathera pakhomo pamenepo. Zam'kati akudziwa ndi chitseko.